Sidi ya m'jekete la Ababa

Ulendo wathu wa ku Dar es Salaam unayambira pa chala chaching'ono cha phazi lamanja la Ababa. Ababa ndi telala. Akhala pa khonde limodzimodzi la sitolo ku Old Town kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo phazi limenelo ndi limene linapalasa mashini mpaka ana asanu tonse tinamaliza sukulu. Ndiye chala chija chitayamba kuda, iwo n'kumangoti ndi nsapato yothina, ife tinadziwa kuti shuga wawo wafika pena. Pabedi anasiya kugonapo. Ankagona chokhala pa mpando mwendo uli lendee, poti akaukweza unkawawa ngati aponda pa makala.

Dokotala wa kuno ku Lilongwe sanatizungulitse. Atawajambula mwendo wonse m'chimakina, anandiitanira ine pambali, koma Ababa anatitsatira konko akutsimphina.

"Mtsempha wopititsa magazi kuphazi watsekeka apa, m'munsi mwa bondo," anatero dokotalayo. "Tikachedwa, mwendo uwu tidula."

"Mudulira pati?" anafunsa Ababa, ngati akufunsa za buluku la kasitomala.

 Koma dokotala anati ilipo njira ina. Alipo madokotala amene amatsegula mtsempha osang'amba munthu. Amaboola kabowo kakang'ono chakumtunda kwa ntchafu, n'kulowetsa kawaya, n'kumakayendetsa m'mtsemphamo akuyang'ana zithunzi pa sikirini mpaka kafike potsekekapo. Dzina lawo anachita kundilembera papepala: interventional radiologist. Amene iye ankamudziwa kuno anali kunja, ndipo phazi silikanadikira. Anatipatsa sidi, kachimbale ka pa kompyuta, ya zithunzi zonse.

"Awa ndiwo mapu a mwendowu. Musaitaye. Ndipo dokotala amene sakufunsani za sidi iyi, mumuganizire kawiri."

Dzina lalitali lija Ababa sanavutike nalo. Kuyambira tsiku lomwelo anali dokotala wa waya basi.

Tinakumana ku Area 47, kwa akulu anga a Mariamu, kuti tisankhe kopita. Amuna awo, alamu anga a Yusufu, ndi munthu wa mtima wabwino, kungoti chinthu chikakhala ndi magalasi ambiri amachikhulupirira. Anali atapeza kale chipatala pa intaneti, chonyezimira ngati hotela, ndipo atawatumizira uthenga anayankhidwa tiyi asanazizire, tsiku la opaleshoni ndi mtengo zili pomwepo. Ine ndinali ndi nambala ya dokotala wamayi amene anathandiza malume a mnzanga wa ku ofesi ku City Centre. Ameneyo anatenga masiku awiri kuti ayankhe, ndipo yankho lake linali louma: sindingalonjeze kanthu ndisanaone zithunzi ndi phazi lenilenilo.

"Ameneyo sakudzidalira," anatero alamu. "Ababa, musataye nthawi."

"Tikaona onse awiri," anayankha Ababa.

Za ndege anakaniratu. Anati mwendo ukuwavuta ali pansi pompano, ndiye akakauonere m'mitambo? M'basi, anati, agona bwino kuposa aliyense, poti kugona chokhala anazolowera kale. Woperekeza ndinali ine, Asiyatu, chifukwa ndine wosakwatiwa, ndipo pa mtundu wathu wosakwatiwa amaonedwa ngati alibe chochita.

Tsiku lonyamuka ndinafika kunyumba ndi chikwama changa n'kufunsa za sidi.

"Ili pabwino."

"Pabwino pati, Ababa? Ndipatseni ndiike m'chikwama."

"Chikwama chimabedwa. Ndati ili pabwino."

Anali atavala jekete lawo lakuda la pa Idi, losita mpaka kuwala, kunja kuli dzuwa la Okutobala. Ndinangoti ndi ulemu wa paulendo.

Basi anati inyamuka dzuwa likamalowa. Dzuwa linalowa, Ababa anapita kukaswali kumzikiti n'kubwerako, basi ili phee, kondakitala akulumbira kuti kwatsala anthu awiri okha. Anthu awiriwo anakwana kasanu. Mpando wa kutsidya kwa kanjira unali wa Mayi Nachisale, mayi wa thupi lake amene amapita kukapikula zitenje ku Dar mwezi ndi mwezi. Tisanafike n'komwe pa Lumbadzi anali atadziwa kale dzina langa, ntchito yanga, matenda a Ababa, ndi chifukwa chimene sindinakwatiwe, chimene ine mwiniwakene sindichidziwa.

"Ndiye mukuti dokotala wojambula?" anafunsa. "Masiku awiri panjira kukaonana ndi wojambula? Ku Area 1 komweko ojambula atha?"

"Uyu amajambula akusoka," anatero Ababa. "Ndi mnzathu pa ntchito."

Pa Kasungu ndinagwira Mayi Nachisale akuwapatsira Ababa mandasi kuseri kwa chikwama changa. Ndinalanda. Ababa anandiyang'ana ngati ndine wapolisi wa pa rodibuloko, n'kutembenukira ku windo. Za Jenda, Mzuzu ndi Chiweta musandifunse, ndinali m'tulo. Ndinadzidzimuka kutayera tikudutsa Karonga, khosi litauma, Ababa ali tcheru ngati agona pa matiresi.

Pa boda ya Songwe ndi pamene tinakalamba. Kudindira mapasipoti sikunatenge nthawi, koma mapepala a basi anali ndi vuto limene palibe amene ankalidziwa dzina. Tinakhala pansi pa mtengo kuyambira m'mawa mpaka mthunzi unatithawa. Osintha ndalama ankatizungulira ngati ntchentche. Bambo wina wa m'basi mwathu anayamba kukalipira ofesala, Mayi Nachisale n'kumudzudzula.

"Achimwene, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata."

"Phazi ndiye ayi, mayi," anatero Ababa. "Ine ndikubwerera nalo."

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka, maso ali pa phazi lija.

Kutsidya kwa mlatho kunali kutentha kwina. Thukuta linali chuchuchu pa nkhope ya Ababa, koma jekete osavula. Ofesala wa kasitomu, poona mkulu wavala jekete lakuda pa dzuwa lotero, anawaitana n'kuyamba kuwapapasa. Dzanja lake linaima pa nthiti, pamene panali chinthu cholimba, chozungulira.

"Ichi n'chiyani, mzee?"

"Ndi mwendo wanga."

Apo m'pamene ndinadziwira kumene kunali pabwino paja. Sidi anaisokerera m'kati mwa jekete, pakati pa nsalu yakunja ndi yam'kati, monga ankachitira amalonda akale ndi ndalama. Ndinafotokozera ofesala m'Chingerezi, ndikumuonetsa kalata ya dokotala. Iye anati aione basi. Ababa, ndi Chiswahili chawo cha pa khonde, anamuuza kuti palibe vuto, asule yekha, koma akatha asokenso momwe anapezera. Ofesala anatembenuza jekete uku ndi uku kufuna msoko. Anaitana mnzake, nayenso anafunafuna. Msoko sunaoneke. Mapeto ake anabweza jekete n'kufunsa ngati Ababa amasokanso mayunifomu.

Nkhani imeneyi Ababa anaifotokoza kuyambira pa boda mpaka Tukuyu, ngakhale kwa anthu amene analipo zikuchitika. Wotchi yawo anakana kuisintha. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, koma iwo anati shuga wawo ndi wa ku Malawi, mankhwala amwa pa nthawi ya kwawo.

Tinadutsa Uyole, tinagula nthochi zootcha pa windo, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti mavuto atha. Tisanafike Makambako basi inatsokomola kawiri n'kuima pa thengo. Lamba wa injini anali ataduka. Dalaivala anati wina akubwera naye pa njinga yamoto kuchokera m'tauni, mphindi makumi awiri zokha. Mayi Nachisale atamva zimenezo anayala chitenje pansi n'kuvula nsapato.

Kumeneko kumazizira, mphepo yake yolowa m'mafupa, ndipo kwa nthawi yoyamba jekete lija linaoneka lanzeru. Ndinawakhazika Ababa pa mwala kuti ndisinthe bandeji. Nditavula sokosi ndinaona kuti kuda kuja kwafika pa tsinde la chala, ndipo chala chachiwiri chayamba kutuwa. Phazi linali lozizira ngati la munthu wina. Ndinachita mantha, mantha enieni, oti mwina tayenda mtunda wonsewu kudzangodulitsa mwendo kwa eni. Ndinamanga bandeji msangamsanga kuti asaone, ngati kuti phazilo sanali kuliona tsiku ndi tsiku.

Foni inalira. Anali alamu.

"Mwafika pati? Anthu a chipatala chija andiimbiranso. Akuti mukangofika mawa, mkuja m'mawa akuchita. Osachedwa ndi dokotala wamayi uja, mwamva?"

"Afunsa za sidi?" ndinafunsa.

"Sidi ya chiyani? Anthu aja ali ndi makina awo, Asiyatu."

Ababa anamva zonse. Anali atasolola singano mu kofiya yawo, akusoka chogwirira cha chikwama cha Mayi Nachisale chimene chinaduka pa boda. Mayiwo anafunsa kuti kodi waya angayende bwanji m'thupi mwa munthu osamubaya mtima.

"Munalowetsapo lasitiki m'chiuno mwa kabudula?" anatero Ababa. "Mumamangirira phini, mumalowetsa pa kabowo kamodzi, n'kumakankha pang'onopang'ono. Pamene pathina simukakamiza. Mukakakamiza, phini imatseguka m'kati, ndiye mwaononga kabudula."

"Ndiye mudziwa bwanji woti sakakamiza?"

Ababa anadula ulusi ndi mano. "Kwanga kumabwera anthu a ku Area 10, otumidwa ndi mabwana awo, atalemba miyezo pa foni. Akuti bwana watanganidwa, mungosoka. Ine ndimabweza. Nsalu sindidula munthu ndisanamuyeze ndi manja angawa. Nsalu ukadula wadula."

Lamba anafika patatha maola anayi, ndipo anali wamfupi. Wachiwiri ndiye anakwana. Iringa ndi mapiri ake ndinangozimva m'makutu, ndipo kunacha tili pafupi ndi Morogoro. Kuchokera pa Chalinze basi inkayenda ngati ikuperekeza maliro, kutentha kukuwonjezeka, jekete lili pathupi. Titatsika, Mayi Nachisale anatipezera bajaji, kanjinga kamoto ka matayala atatu, anakangana ndi woyendetsa mpaka mtengo unatsika pakati, n'kulemba nambala yawo pa tikiti yanga. Kenako anawapatsira Ababa kanthu m'thumba la jekete, ine n'kunamizira kuti sindinaone.

Tinayamba ndi chipatala cha alamu, poti ulemu ndi ulemu. Magalasi analipodi. Munali kuzizira bwino, atsikana a pa kauntala akumwetulira, ndipo anatipatsa madzi a m'botolo. Dokotala anali waulemu, wa wotchi yokongola. Anawerenga kalata ya ku Lilongwe, anati zoterezi amachita kawirikawiri, tibwere m'mawa Ababa asanadye kanthu. Ndinafunsa kuti zikakanika chimachitika n'chiyani. Anaseka n'kuti tisaganize zolephera. Sitinathe mphindi khumi.

Tili panja Ababa anaima, atatsamira ndodo.

"Waona?"

"Ndaona chiyani, Ababa?"

"Sokosi sanandivule."

Kwa dokotala wachiwiri tinadikira pa benchi kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Fani ya kudenga inkazungulira mwaulesi. Pafupi nafe panali bambo wina amene anabwera kudzaonetsa mwendo umene dokotalayo anautsegula chaka chatha. Ababa anamufunsa mafunso ngati wapolisi, mpaka anamupempha kuti akwinye buluku aone. Telala akafuna kudziwa ntchito ya mnzake amatembenuza chovala kuona kuseri.

Dokotalayo anali mayi wamfupi, wa zaka ngati za a Mariamu, khoti lake loyera lili lalitali manja moti anachita kupinda kawiri. Ndinaona Ababa akuyang'ana manja a khotiwo mwachisoni. Atatipatsa moni, mawu ake oyamba anali akuti, "Mwabwera ndi zithunzi?"

Ababa anandiyang'ana mwamatama. Anavula jekete, anatulutsa kalumo, anasula msoko umene unakanika maofesala awiri a boma, n'kupisa dzanja. Chimene anatulutsa chinali sidi, inde, koma yopindika ngati chipapati chokazinga, mbali imodzi itachita matuza.



"Ababa," ndinatero, "mutasoka muja, munatani?"

"Ndinasita."

"Ndi simbi ya makala?"

"Nanga msoko umasiyidwa osasita? Ukanaoneka."

Sindinadziwe ngati ndilire kapena ndiseke. Masiku awiri panjira, boda, thukuta lonse lija, tikulondera chinthu chimene chinapsa tisananyamuke ku Lilongwe. Ndinamasulira dokotala. Anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, mpaka anachita kupukuta misozi ndi dzanja la khoti lija. Ababa anaweramitsa mutu. Sindinawaonepo akuchita manyazi chotero, ndipo chifundo chinandigwira.

Kenako dokotala anakoka kampando, anakhala pansi penipeni, n'kuwavula nsapato ndi sokosi yekha. Anagwira phazi ndi manja onse awiri. Anapapasa pamwamba pake, kuseri kwa kakolo, kuseri kwa bondo, akufuna pamene magazi akugunda. Anayendetsa kachipangizo pa khungu, tikumva magazi akulira fuu, fuu kumtunda, kumunsi kuli chete. Anafunsa za shuga, za impso, za fodya, za mankhwala onse. Atamva kuti ndi telala wa mashini opalasa, anafunsa kuti amapondera ndi mbali iti ya phazi.

"Mzee, ndikuuzani zoona," anatero. "Chala chaching'onochi chapita, mnzanga wa opaleshoni adzachichotsa. Phazi ndiyesetsa, koma mitsempha ya m'munsi mwa bondo ndi yaing'ono, ndipo nthawi zina waya amakana kudutsa. Akakana sindikakamiza, tidzakhala pansi ndi mnzangayo n'kuona njira ina. Ukatsegukanso ungathe kudzatsekeka, ndiye dokotala wanu wa ku Lilongwe ndizilankhula naye. Ndipo sindiyamba ndisanaone zithunzi. Apempheni atumize pa intaneti."

Nditamaliza kumasulira, Ababa anangoti, "Ndi ameneyu."

"Ababa, kujaku anati mawa. Kuno tidikiranso, ndipo chala chachiwiri mwachiona."

"Ndachiona. Ndati ndi ameneyu."

Ndinaimbira alamu. Nditawafotokozera, anati chikomekome cha mkuyu, mwina Ababa aona nyerere zimene iwo sanazione pa foni. M'mawa mwake anajomba ku ntchito, anakakhala pa benchi ya chipatala ku Lilongwe mpaka zithunzi zinatumizidwa. Za simbi ija anauza mtundu wonse tsiku lomwelo.

Tsiku la waya, atawaveka kale chovala cha odwala, Ababa anandituma tepi yawo m'thumba la jekete. Ndinaipeza pamodzi ndi mandasi awiri ouma. Dokotala atalowa, anamupempha kuti aime chilili atambasule manja. Anamuyeza mapewa, msana, dzanja kuchokera pa phewa mpaka pa mfundo, ine ndikulemba kuseri kwa tikiti ya basi, manesi akuseka pa khomo.

"Khoti ili si lanu," anatero. "Ndikakusokerani lokukwanani."

Dokotala anasiya kuseka. "Nanga waya akakana, mzee?"

"Ndidzasoka pamanja. Kungoti mudzadikira."

Anawalowetsa. Ine ndinatsala pa benchi ija maola awiri ndi theka, tikiti ili m'manja, ndikupemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa ndi ena ongopeka. Ndinamva pambuyo pake kuti sanawagoneke tulo, anangowabaya ya dzanzi, ndipo nthawi yonseyo ankayang'ana pa sikirini n'kumalangiza dokotala kuti pokhota apo apite pang'onopang'ono. Atawatulutsa, dokotala anatenga dzanja langa n'kuliika pa phazi lija. Linali lofunda. Ndinalira pamaso pa anthu, osasamala.

Chala chaching'ono anachotsadi. Chachiwiri chinachira. Tinabwerera pa basi yomweyo, lamba osaduka, jekete lili m'chikwama.

Patapita miyezi iwiri bala litapola, ndinatuluka mu ofesi nthawi ya nkhomaliro n'kukwera minibasi ya ku Old Town. Ndisanakhote pa kona ya sitolo ija ndinamva kulira kwa mashini, kwa liwiro lake lomwe lija ndinakulira nalo. Ndinaima kaye pamenepo, anthu akundigunda mapewa. Pa khonde ndinapeza Mayi Nachisale atakhala pa benchi ya makasitomala, chikwama chili pamiyendo, akudikira katundu wopita ku Dar. Ababa anali akumaliza mpendero wa khoti loyera.

Analisita, analipinda, n'kundipatsa kuti ndiike m'pepala. Ine ndinayamba kulipapasa m'mbali.

"Mulibe kanthu," anatero. "Za m'thumbamo ndaika nditasita kale."

Ndinapisa m'thumba la pachifuwa. Munali kapepala, kolembedwa ndi pensulo yawo ya pa khutu, zilembo zikuluzikulu zopendama: Adokotala, ili ndasoka ndi phazi.